Nsapato za a Nduna

16 Malichi

Okondedwa Amayi,

Khalani pansi, pukutani magalasi, muuze nkhuku zikhale chete, pakuti ndili ndi chilengezo: mwana wanu wapatsidwa kiyi kuntchito. Kiyi wakewake, wa kachingwe kofiira. Musanaitane amayi a kutchalitchi kuti adzathokoze, ndiyambe ndi moni. Muli bwanji? Bondo lija likutani? Mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwa, kapena mukuwasunga m'kabati ngati mbale za alendo? Ife kuno tili bwino, ine ndi mdzukulu wanu. Ndamupatsa udindo, tsopano ndi a Nduna, chifukwa ntchito sagwira iliyonse koma akangotsegula pakamwa aliyense amathamanga.

Ndabwerera kuntchito Lolemba, a Nduna atangokwanitsa milungu isanu ndi umodzi. Lamulo la dziko lachilendo lino ndi lokoma kuliwerenga: mayi apume miyezi inayi. Koma m'munsi mwake muli timalemba ting'onoting'ono tonena kuti ife a kontilakiti ya chaka ndi chaka tingapume "mmene tingafunire". Ndinafunsa tanthauzo lake. Akuti ndi kupuma kopanda malipiro. Ine ndinapeza kuti sindikufuna kwambiri.

Ndikadali pa sukulu ya mkaka ija ya kumpanda kwa anthu olemera, m'chipinda cha makanda. Digiri yanga ya maphunziro a ana, imene munaivinira mpaka kutaya duku, akuti "ikuunikidwa". Chaka chachitatu chino. Nyali yawo iyenera kuti ndi yofooka. Choncho pa chifuwa panga palembedwa kuti Wothandizira.

Za kiyi. Bwana wathu timamutcha Mayi Mano, chifukwa akamakukaniza chinthu amamwetulira mpaka mano a kumapeto. Anandiitana nati, "Lamulo likuti pantchito paliponse pakhale chipinda cha amayi oyamwitsa, ndipo ife timanyadira kulitsata." Ndinakatsegula chipindacho. Amayi, muli masache atatu, mopu, zidebe ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Ndimavundikira chidebe chimodzi n'kukhalapo, n'kudzikama mkaka m'botolo kwa mphindi khumi ndi zisanu, mopu akundiyang'ana. Mwaulemu ndithu, sananenepo kanthu.

A Nduna masana amakhala kwa Mayi a Pansi, mayi wachikulire wa m'nyumba ya pansi pa mdadada wathu, amene amasunga ana a ife tonse opita kuntchito. Ali ndi manja abwino ngati anu.

Kandalama ndatumiza n'ka mankhwala anu ndi malata awiri a pakhonde. Amalume akabwera ndi nkhani ya bizinesi, muwapatse madzi akumwa. Za mkamwini wanu musafunse. Ali moyo, ndi zomwe ndamva.

Ine mwana wanu.


11 Meyi

Okondedwa Amayi,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndasangalala kuti bondo lachita manyazi. Ife tili bwino. Bala la opaleshoni likupola, ngakhale kuchipatala nditadandaula ululu namwino anandisisita paphewa n'kunena kuti akazi a khungu lathu ndi olimba. Ndinamufunsa ngati anaphunzira zimenezo m'buku liti, popeza ine mabuku ndimawakonda. Anandipatsa panado.

Lero ndikuuzeni za bodza limene ndaphunzitsidwa. M'chipinda mwathu muli kamnyamata kopanda tsitsi, timakatcha Kadazi. Lachiwiri kanagwira shelefu, kanaisiya, n'kuyenda mapazi atatu dzandidzandi mpaka kudzagwera pa maondo anga. Ine nthungululu, kuiwala kuti ndili kwa eni. Mnzanga wamkulu pantchito, amene tonse timangomuti Achemwali, wakhala pano zaka makumi awiri, anandikoka mkono.

"Tseka pakamwa iwe. Sunaone kanthu."

"Achemwali, mwana wayenda!"

"Sanayende. Mwana sayambira kuyenda kuno. Amayambira kunyumba, Loweruka, make akuona."

Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma ndi lokhalo limene aliyense pano amalisunga. Mwana akayamba kuyenda m'manja mwathu, papepala la tsikulo timalemba zimene wadya ndi matewera amene wasintha, basi. Make akabwera madzulo timati, "Watsala pang'ono, mumuyang'anitsitse sabata ino."

Make a Kadazi ndi loya. Amafika ikamakwana sikisi, akuthamanga pa nsapato za gogoda, maso ofiira. Ndinawauza mawu omwewo. Lolemba anabwera akulira ndi chimwemwe, foni m'manja. "Taonani! Wayenda Loweruka, ndinalipo!" Achemwali anaomba m'manja ngati akuona chozizwitsa. Akanakhala wa zisudzo bwenzi ali ndi galimoto.

Ine zinandipsetsa mtima. Dziko lonse ili, ndi maofesi ake ndi misonkhano yake ya za amayi, lalephera kupatsa mkazi miyezi yochepa yoti akhale ndi khanda lake, ndiye latuma ife a malipiro a pansi kuti tizimupatsa bodza m'malo mwake. Ndinauza Achemwali zimenezi ndi chizungu changa chonse cha ku yunivesite. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Wamaliza? Kadazi wadzionongera."

A Nduna ayamba kuseka mokweza. Mayi a Pansi ndi amene anandiuza, ndipo ine ndinadzimvera ndekha tsiku lomwelo.

Mbewu ya nyemba musagule kwa munthu uja wa chaka chatha.

Ine mwana wanu.


20 Julayi

Okondedwa Amayi,

Moni, ndikhulupirira muli bwino. Ife thupi lili bwino. Pepani ndakhala chete, ndinali pa ulendo woyendera maofesi a boma, ndipo ndabwerako ndi nzeru zambiri.

Kwa Mayi a Pansi kwatsekedwa. Kunabwera anthu awiri oyendera malo, ndi tepi yoyezera. Anayeza chipinda, anayeza mawindo, anawerenga ana n'kupeza asanu ndi awiri. Akuti malo osungira ana ayenera kukhala ndi chiphaso, bwalo la mpanda ndi chitseko chachiwiri chothawira moto. Ine sindikutsutsa, chitseko chachiwiri ndi chinthu chabwino. Koma atatseka, ana asanu ndi awiri aja sanawapatse chitseko ngakhale chimodzi. Mayi a Pansi anawafunsa kuti, "Nanga mawa amayi awo akapita kuntchito, anawa ndiwaike pati?" Wamkuluyo anati limenelo ndi funso la ofesi ina.

Ndinapita ku ofesi inayo. Malo osungira ana a boma a m'dera lathu, kumene tinaunjikana ife akuda, anatsekedwa zaka ziwiri zapitazo. Iwo sanena kuti anatseka, amati "anawaphatikiza" ndi ena, amene ali mabasi awiri kuchokera pano. Kumeneko a Nduna alembedwa pa mndandanda. Ndi nambala 214. Ndawerengera kuti adzapeza malo chaka chimene adzakhale akufunsiridwa.

Palinso thandizo la boma lolipirira mwana ku malo ena. Kuti ulandire thandizolo, uonetse kalata yoti mwana wapeza malo. Kuti malowo akupatse kalata, uonetse kuti thandizo walandira. Amene anakonza zimenezi ndikufuna ndidzamuone nkhope, ndi munthu waluso. Komanso akuti ndimalandira zambiri: ma Loweruka amene Mayi Mano amatikakamiza kugwira andidutsitsa mzere wa anthu osauka ndi ndalama yogulira buledi muwiri. Amayi, mwana wanu ndi wolemera, boma latsimikiza.

Kalaliki wake anali mkazi ngati ine. Anafunsa, "Bambo a mwana ali kuti?"

Ndinati, "Mukawapeza mundiuzeko."

Sanaseke. Anadinda fomu, n'kutembenuza kachithunzi ka ana awiri kamene kanali patebulo pake kuti ndikaone. Anati chapansipansi, "Anga ali kwa amayi anga." Ndinamuyankha kuti wanga sapita kulikonse, ndipo ndinatuluka mwaukali, kuiwala ambulera.

Ndinayesanso kwa Mayi Mano, kuti a Nduna azikhala m'chipinda changa cha makanda chomwe, muli bedi losagonapo munthu. Mano onse anatuluka. "Pano ndife banja limodzi, koma mwana wa wantchito saloledwa. Ungamamukondere." Anandionetsanso mtengo wa mwezi umodzi. Ukuposa malipiro anga. Ndiye kuti ine amene ndimalera anawo sindingakwanitse kudzilemba ntchito.

Musadandaule, ndikuona chochita.

Ine mwana wanu.


24 Ogasiti

Amayi,

Moni. Tili moyo.

Mwezi wonsewu a Nduna akhala akuyendera dera lawo. Lolemba kwa mayi wosoka zovala, Lachiwiri kwa mkazi wa mlonda, Lachitatu kwa aliyense amene wapuma. Lachinayi lapitali aliyense anali ndi zake. Ndinaima pakhomo ndi mwana kumsana, basi ikubwera. Ndikajomba kachitatu ntchito yatha, ndipo chitupa changa chokhalira m'dziko muno chinamangiriridwa ku ntchito yomweyi ngati mbuzi pachikhomo. Ntchito ikatha, chitupa chatha, mankhwala anu atha.

Ndiye ndinakumbukira kuti ndili ndi kiyi.

Ndinalowera khomo la kumbuyo. Achemwali anandiona, anaona mwana, anayang'ana kudenga. "Ine sindinaone kanthu," anatero, n'kupita kukatenga basiketi ya zochapa ndi bulangete. Tinakweza mabotolo a mankhwala pa shelefu ya pamwamba, tinatulutsa mopu, tinagoneka a Nduna m'basiketi. Chitseko tinasiya chotsekula pang'ono, tikusinthana kukasuzumira. Masana ndinakhala pa chidebe changa n'kuyamwitsa. Lembani tsikuli, Amayi: kanali koyamba kuti m'chipinda cha amayi oyamwitsa muyamwe mwana.

Cha m'ma thuu koloko Mayi Mano anali kuonetsa malo kwa makolo atsopano, mwamuna ndi mkazi woyembekezera. Atafika pakhonde anati, "Ndipo apa pali chipinda chathu cha amayi." A Nduna, pomva kuti akutchulidwa, anayankha.

Zotsatira zake zinachitikira mu ofesi. Kwa nthawi yoyamba ndinaona Mayi Mano milomo ili yotseka.

"Ukudziwa kuti akanatitsekera sukulu? Khanda, m'chipinda cha mankhwala?"

"Ndi chipinda cha amayi oyamwitsa, bwana. Palembedwa pachitseko."

"Usandichenjerere. Iwe ndiwe wophunzira, ukudziwa kuti n'zoopsa."

Apo ankanena zoona. Ine amene ndinalemba masamba makumi asanu ndi atatu pa za chitetezo cha makanda, ndinagoneka wanga pansi pa shelefu ya mankhwala otsukira m'chimbudzi. Ndinangofunsa kuti, "Ndiye ndikanamuika kuti?" Anati limenelo si funso la sukulu. Dziko lino lili ndi maofesi ambiri, Amayi, koma ofesi ya funso limeneli sindinaipeze.

Ndapatsidwa kalata ya chenjezo lomaliza. Achemwali apatsidwa loyamba, pa zaka makumi awiri. Anaipinda n'kuchingira mwendo wa tebulo umene umagwedera.

Msuweni wanga uja wogula zovala akuti abwera kuno mwezi wamawa kudzaoda katundu. Chipinda changa chakale chija mukusungiramo chiyani masiku ano? Ndangofunsa.

Ine mwana wanu.


19 Seputembala

Amayi,

Moni. Kalata ino ikubwera ndi msuweni, m'chikwama cha matewera, ndiye mukamaiwerenga mwini chikwama ali kale pamiyendo panu.

Mapepala a ulendo anafuna siginecha ya bambo. Mkamwini wanu anapezeka. Ananenepa. Anasayina mokongola kwambiri, n'kufunsa ngati mwana ndi wamkazi.

Phala amadya la madzimadzi, ndi kasupuni kobiriwira, kena amakana. Mkaka wa m'chitini ndaika zitini zinayi, muyezo uli pachivundikiro, musaonjezere madzi kuti ukhalitse, ndidzatumiza wina. Khadi la katemera lili m'thumba la mkati, wotsatira ndi wa miyezi isanu ndi inayi. Akamalira akukoka khutu la kumanzere ndiye kuti ali ndi tulo, si matenda. Sagona popanda kansalu kachikasu. Kansaluko musakachape msanga, ngakhale kakununkha. Kakununkha ine.

Mano awiri a pansi atuluka. Amakhala yekha, koma muziika pilo kumbuyo.

Anthu akafunsa muziti wabwera kudzaona agogo ake. Ndi miyezi yochepa chabe, mpaka nambala yathu ifike.

Nthabwala lero ndilibe, ndinazilongedza m'chikwama mosadziwa.

Ine mwana wanu.


30 Novembala

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi kwa a Nduna. Ndamva kuti alanda bedi lanu ndipo inu mukugona m'mphepete ngati mlendo. Ndinakuchenjezani za anthu a udindo. Chifuwa chija chatha? Pa foni mumangoti "ali bwino, ali bwino" mayunitsi n'kutha, ndiye lembani zonse. Ine ndili bwino. Ndikugona maola asanu ndi atatu ngati munthu wopanda mlandu, ndipo sindikuwakonda.

Nkhani ya kuno ndi yoti sukulu yathu yapambana mphotho ya malo a ntchito okomera amayi. Musaseke, bondo lingayambirenso. Makolo aja anamva kulira kwa a Nduna anakadandaula, ndiye eni sukulu anachita manyazi. Masache asamutsidwa. Chipinda chapakidwa penti wa pinki, muli sofa, kafiliji ndi duwa la pulasitiki. Kunabwera wolemekezeka wina wa ku khonsolo kudzadula riboni, n'kulankhula mphindi makumi anayi za kufunika kwa mayi pa chitukuko.

Kenaka anafuna chithunzi. Mayi Mano anayang'anayang'ana, maso n'kugwera pa ine. Pa antchito onse wolembedwa kuti ndi woyamwitsa ndinali ine ndekha, komanso nkhope yakuda imakongoletsa chikalata cha mphotho. "Bwera ukhale pa sofa, wokondedwa. Mwana wako ali kuti?"

Achemwali ndi amene anayankha. "Ali ku ofesi ina, bwana."

Anandibwereka khanda la eni, la miyezi isanu. Ndinalinyamula, ndinamwetulira, mano onse. Ndaphunzira kwa katswiri. Chithunzicho chapachikidwa pa geti, pansi pake palembedwa kuti Timasamala Amayi Athu. Ndimachidutsa m'mawa uliwonse. Mkaka unauma mwezi watha, koma kiyi ndikadali naye. Ndimakadyera m'menemo nkhomaliro.

Mayi a Pansi tsopano amatsuka mbale ku lesitilanti. Mwa ana asanu ndi awiri aja, anayi ali kwa agogo awo, mmodzi amatsekeredwa m'nyumba ndi wailesi, awiri amayi awo anasiya ntchito. Koma palibe amene ali m'chipinda chopanda chitseko chachiwiri, ndiye lamulo lagwira ntchito.

Nambala yathu yafika pa 96. Mwati akukwawa mpaka kukhitchini ndipo akuimirira chogwirira mpando. Mbaula muziika patali. Ndatumiza mkaka ndi tizovala, tina n'takutakula, adzakuliramo.

Ine mwana wanu.


22 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Moni. Kalata yanu yafika pamodzi ndi chithunzi chimene msuweni anajambula pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa a Nduna. Zikomo. Inu mwaonda, mukudya? Ine ndili bwino.

Boma landilembera. Malo apezeka. Anthu ambiri amene anali patsogolo pathu anachoka pa mndandanda, ndipo ndikudziwa kumene ana awo anapita. Kalatayo inati mwana aonekere pasanathe masiku asanu, apo ayi malo apita kwa wotsatira. Ndinapempha tchuthi, Mayi Mano anati changa chili mu Ogasiti. Ndinapempha ofesi kuti idikire, anati kompyuta siidikira. Ndikafuna ndilembetsenso, kuyambira kumchira, koma mwana ayenera kukhala kuti akukhala ndi ine. Ndinaseka mpaka mlonda anabwera kudzaona.

Tsopano za kalata yanu. Mwalemba kuti, "Sanayambe kuyenda. Watsala pang'ono, akudikira iwe."

Amayi, mawu amenewo ndi a kuntchito kwanga. Ndimawanena mwezi uliwonse, ndipo ndimawanena bwino kuposa inu. Inu mwalakwitsa pawiri. Pachithunzi mwamukhazika pamiyendo panu, mwamugwira m'chiuno ngati angathawe, koma mapazi aloza kwa wojambula. Kuphazi kwake n'kwakuda ndi fumbi, fumbi la munthu woponda pansi. Wokwawa amada maondo. Ndipo pansi pa kalata, mutatha kunditsanzika, mwaonjezera kuti, "Ukapeza tinsapato utumize, kuno kuli minga."

Ndinakwiya nanu tsiku lonse. Ndinaonetsa Achemwali kalatayo kuti andithandize kukwiya. Anawerenga, anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Amayi akowa tikanawalemba ntchito." Kenaka anakalowa m'chipinda cha pinki n'kutseka chitseko. Ndi tsiku limenelo ndinamva kuti nawonso ali ndi mwana wamkazi kwawo, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, amene amawatchula dzina.

Chaka chatha ndinakulemberani kuti bodza limeneli ndi lonyansa. Ndikadali kunena kuti amene analichititsa kukhala lofunika ndi anthu oipa, ndipo ndidzawanena mpaka mano adzathe m'kamwa. Koma make a Kadazi mpaka lero amasunga kanema uja, ndipo ine sindidzawauza.

Nsapato ndagula, zili m'phukusi lino. Kusitolo anandifunsa saizi. Sindinkaidziwa. Ndinatenga mapeyala awiri, n'kukayesa mobisa pa phazi la kamtsikana ka m'chipinda mwathu kamene kanabadwa mwezi umodzi ndi iye. Zikakhala zazikulu muike thonje kutsogolo.

Chiyambire ntchito ino ndaona ana khumi ndi mmodzi akuponya phazi loyamba. Onse ndikukumbukira tsiku lake, ndi chimene anagwira, ndi kumene anagwera. Ndiye musandisungire Loweruka, Amayi. Ndiuzeni zoona. Linali tsiku lanji? Anachokera pati, anayenda mapazi angati? Atafika kwa inu, anaitana ndani?

Funso lomalizali mukhoza kundinamiza.

Ine mwana wanu.